Galimoto ya kampani yoyenda makilomita 4,500 pa mwezi: tigule iti, nanga a MRA atidula bwanji?

Wa_ku_Chirimba

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kampani yathu ili ku Chirimba, timagulitsa mbewu, zipangizo za ulimi ndi mankhwala a ziweto m'masitolo a m'maboma. Tikufuna kugula galimoto imodzi yoti aziyendera mkulu woona zamalonda. Maulendo ake ndi a ku Lilongwe kawiri pa mwezi, kenako Zomba, Mangochi, Mulanje, Phalombe, Chikwawa mpaka Nsanje. Tikawonkhetsa zikumafika makilomita 4,500 pa mwezi. Katundu amene amanyamula ndi makatoni a zitsanzo basi, sapitirira makilogalamu 300, chifukwa katundu weniweni amapita pa lole.

Mu ofesi muno anthu agawikana. Abwana akufuna Hilux ya double cab, akuti ndi yolimba komanso makasitomala amakupatsa ulemu ukatsika m'menemo. A ku akaunti akuti tigule Probox kapena Fielder ya kaunjika, ndalama yotsalayo ipite ku katundu. Woyendetsayo naye akupempha kuti akaweruka azipita nayo kwawo ku Machinjiri, poti maulendo ambiri amanyamuka m'bandakucha.

Ndiye ndikufunsa ziwiri. Pa mtunda umenewu, ndi galimoto iti imene singatidyere ndalama? Chachiwiri, msonkho wake umayenda bwanji galimoto ikakhala ya kampani koma ikugona kunyumba kwa wantchito?

Mayi_Akaunti_Limbe

Achimwene, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, chifukwa ndi limene likuyenera kutsogolera loyambalo. Anthu ambiri amagula kaye galimoto, za msonkho n'kuzidziwira pa tebulo la auditor.

Galimoto ya kampani ikapatsidwa kwa wantchito kuti aziigwiritsanso ntchito pa zake, kuphatikizapo kupita nayo kunyumba ndi kuyendera Loweruka ndi Lamlungu, a MRA amaiona ngati phindu limene wantchitoyo akulandira kuwonjezera pa malipiro. Msonkho wake ndi Fringe Benefit Tax, timangoti FBT. Amalipira ndi olemba ntchito, osati wantchito. Kawerengedwe kake ndi aka: mumatenga 15% ya mtengo umene galimotoyo munagulira, imeneyo ndiye ndalama yodulidwa msonkho pa chaka, kenako mumadula 30% pamenepo.

Tiyerekeze kuti double cab mwagula K60,000,000. 15% yake ndi K9,000,000. 30% ya K9,000,000 ndi K2,700,000 pa chaka. FBT imalipidwa miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 14 miyezi itatuyo itatha, ndiye kuti K675,000 ulendo uliwonse. Galimoto ya K20,000,000 FBT yake ndi K900,000 pa chaka. Mwachidule, chaka chilichonse mukupereka 4.5% ya mtengo wa galimoto.

Pali zinthu zitatu pa FBT zimene zimawawa anthu akazindikira mochedwa. Choyamba, imawerengedwa pa mtengo wogulira, osati mtengo wa galimotoyo lero. Pakatha zaka zinayi galimoto itayenda makilomita opitirira 200,000, mipando itang'ambika, FBT ikhala ikadali K2,700,000 yomweyo. Chachiwiri, siyang'ana kuti makilomita a ntchito ndi angati, a kunyumba ndi angati. Kaya mkulu wanuyo pa makilomita 4,500 aja 4,200 ndi a ntchito, bola galimoto ili m'manja mwake kuti aziyendera zake, 15% ija ilipo. Chachitatu, FBT simuichotsa ngati ndalama yoyendetsera bizinesi powerengera msonkho wa phindu la kampani. Imachoka m'thumba yonse.

Tsopano mbali yokomera inu. Ndalama yogulira galimoto simuichotsa yonse pa phindu chaka chimodzi ngati mmene mumachitira ndi lendi kapena malipiro. Imachotsedwa pang'onopang'ono kudzera mu capital allowances. Pa galimoto zing'onozing'ono annual allowance, yochotsa chaka ndi chaka, imakhala 20% ya mtengo wotsala. Pa K60,000,000 ija: chaka choyamba K12,000,000, chachiwiri 20% ya K48,000,000 yomwe ndi K9,600,000, chachitatu K7,680,000, kumatsika choncho. Poti msonkho wa phindu la kampani yolembetsedwa kuno ndi 30%, chaka choyamba mwapulumutsa K3,600,000. Koma taonani FBT yadya kale K2,700,000 pamenepo. Chaka chachitatu mwapulumutsa K2,304,000 pomwe FBT ikadali K2,700,000. Kuyambira pamenepo galimoto ikukulowetsani pansi pa nkhani ya msonkho.

Ndiye pali initial allowance, 20% yowonjezera imene mumachotsa chaka chimene mwagula. Apa ndi pamene abwana anu akuyenera kumvetsera. Initial allowance siperekedwa pa galimoto zimene lamulo limaziona ngati zoyendera anthu: saloon, station wagon, ndi double cab yomwe. Anthu amaganiza kuti poti double cab ili ndi bodi kumbuyo ndiye kuti ndi ya katundu. Ayi. Pa msonkho ili gulu limodzi ndi Corolla, pokhapokha ngati bizinesi yanu ndi yobwereketsa galimoto. Single cab ndiye imalowa m'gulu la zonyamula katundu. Pa single cab ya K40,000,000, initial allowance ndi K8,000,000, kutanthauza K2,400,000 ya msonkho imene simupereka chaka choyamba. Sikuti ndi mphatso ayi, mwangolandiriratu zimene mukanachotsa m'zaka zakutsogolo. Koma mmene kwacha imathera mphamvu muno, K2,400,000 ya lero si yofanana ndi ya zaka zinayi zikubwerazi.

Double cab yopita nayo kunyumba, choncho, ikukumenyani kawiri: FBT yaikulu chifukwa ndi yodula, komanso mulibe initial allowance.

Njira yopewera FBT mwachilungamo ndi imodzi: galimoto ikhale ya pa ofesi. Izigona pa kampani, makiyi azisiyidwa kwa mlonda kapena ku ofesi, aliyense woitenga azisaina, ndipo pakhale kalata yolembedwa yoletsa kuyendera zapadera. Zongonena pakamwa sizithandiza tsiku limene a MRA abwera kudzaona mabuku.

Makaniko_wa_pa_Ginnery

Mayi afotokoza bwino za msonkho, ine ndilowe pansi pa boneti.

Makilomita 4,500 pa mwezi ndi 54,000 pa chaka. Pa mtunda wotere mtengo wogulira si umene umapha, chimapha ndi mtengo wa kilomita iliyonse ndi masiku amene galimoto yagona pa galaja. Tiyeni tiwerenge.

Mafuta. Hilux ya 2.4 dizilo pa msewu wautali, yoyendetsedwa ndi munthu wa phazi lopepuka, imakupatsani makilomita 11 mpaka 13 pa lita. Probox kapena Fielder ya 1.5 imapereka 14 mpaka 16. Musakhulupirire manambala a m'mapepala a ku Japan, misewu yawo ndi ina, komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amatsitsako pang'ono makilomita pa lita. Tikatenga 12 ndi 15: Hilux imwa malita 4,500 pa chaka, Probox 3,600. Kusiyana kwake malita 900. Chulukitsani ndi mtengo umene a MERA alengeza, muona nokha.

Koma pali china chimene masamu amenewa sakuonetsa. Thanki ya Hilux ndi malita 80, ya Probox 50. Kupita ku Lilongwe ndi kubwerako ndi makilomita opitirira pang'ono 600. Hilux ipita n'kubwera, n'kutsalanso ndi oyendera m'tauni. Probox ikwanitsa koma ifika ku Lunzu singano itagona. Nthawi imene mafuta akusowa, mizere itafika pa roundabout, thanki yaikulu ndi imene imasiyanitsa wogulitsa amene wafika kwa kasitomala ndi amene wagona pa filling station. Ndipo woyendetsa akathedwa nzeru amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Pa petulo mwina mupulumuka. Pa injini zamakono za dizilo za common rail, mafuta a madzi kapena osakaniza ndi palafini amapha ma injector ndi pampu, ndipo mtengo wa ma injector anayi ukhoza kufafaniza zonse zimene munapulumutsa chaka chonse. Mukagula galimoto ya dizilo, lamulo likhale lakuti mafuta a m'zigubu ayi, ndipo kanyali ka filita ya mafuta kakayaka aime, akhetse madzi pansi pa filitayo, asamati ndikaona ndikafika.

Sevisi. Ndi fumbi lathuli komanso oyilo amene amapezeka pamsika, ine ndimati oyilo ndi filita pa makilomita 5,000 alionse, pokhapokha ngati ndi yatsopano ya kwa dealer imene ili ndi ndondomeko yake ya warranty, pamenepo tsatirani bukhu. Pa 54,000 ndiye kuti masevisi 10 kapena 11 pa chaka, pafupifupi mwezi uliwonse. Injini ya 1NZ ya mu Probox imalowa malita a oyilo osakwana 4. Ya 2GD ya mu Hilux imalowa 7 ndi theka. Matayala nawo: a Probox ndi a 13 kapena 14, a Hilux 16 kapena 17, mtengo wake kusiyana kutali, ndipo pa mtunda wanuwo muzigula seti chaka ndi chaka.

Ndiye mpaka apa Probox ikuwina. Imagwa pati? Pamsewu. Ili pafupi ndi pansi. M1 ndi msewu wa Zomba iyenda bwinobwino, koma masitolo anu a ku Phalombe, East Bank, kapena mkati mwa Thyolo, kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nkhani ina. Chimayamba kutha ndi mashoko, mabushi, ma ball joint ndi ma tie rod end, kenako tsiku lina sump imenya mwala oyilo n'kutayika. Mukaigula muikireni chitsulo chotchinga pansi pa injini tsiku loyamba lomwe. Musaikweze ndi ma spacer aatali, amapinda ma CV joint n'kumang'amba mabuti ake.

Fielder ndiisiye pambali pa ntchito imeneyi. Ndi yabwino kukhalamo kuposa Probox, koma masipuling'i ake ndi a anthu, osati a makatoni a tsiku ndi tsiku. Probox anaipangira katundu wa makilogalamu 400. Chenjerani ndi giyabokosi: ma Probox oyambira 2014 ndi a CVT, mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki, ngati ma Fielder ambiri. CVT imafuna oyilo wake weniweni wa CVT, osati ATF wamba. Wina akathiramo ATF poti ndi wofiira yemweyo, pakapita miyezi iyamba kunjenjemera ponyamuka, kenako mukusaka giyabokosi ku Ndirande kapena ku Limbe. CVT imadananso ndi kukwera mapiri italemedwa kukutentha, ndipo msewu wochokera ku Thabwa kukwera kubwera ku Blantyre ndi womwewo. Potsika phirilo aziika giya yotsika, asamangoponda buleki mpaka mapadi kununkha.

Mukapita ku Hilux yakale ya D-4D, ya 2KD kapena 1KD, ili ndi timing belt yosintha pa makilomita 150,000. Funsani umboni kuti inasinthidwa, ngati palibe sinthani musanayambe maulendo, pamodzi ndi tensioner. Ma Hilux atsopano a GD-6 ali ndi tcheni m'malo mwa belt. Galimoto ya dizilo yochokera ku UK kapena ku Japan nthawi zambiri imabwera ndi DPF, filita yogwira mwaye wa utsi. Pa maulendo ataliatali ngati anuwa imadziyeretsa yokha, vuto limabwera akathira oyilo wolakwika, ndiye muuze wa sevisi kuti ili ndi DPF.

Maganizo anga: katundu wa makilogalamu 300, munthu mmodzi, theka la misewu ndi loipa. Single cab ya dizilo, yamanyuwale, yokhala ndi canopy yokhoma. Hilux kapena Isuzu D-Max, zonse zipangizo zake zimapezeka mu Blantyre muno. Mipando itatu yakumbuyo ya double cab izingoyenda yopanda munthu makilomita 54,000 pa chaka, kwinaku mukuilipirira msonkho.

Wa_ku_Chirimba

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula maso pa za double cab. Koma Mayi, nkhani yogona pa ofesiyi ikhala yovuta. Ulendo wa ku Nsanje kapena ku Lilongwe amanyamuka 4 koloko m'mawa, nthawi imeneyo ku Machinjiri minibasi kulibe. Nanga tikati galimoto agule yekha, ife tizingomupatsa car allowance, sizingakhale zophweka?

Kalaliki_Wakale

Bwana wa ku Chirimba, allowance imaoneka yophweka papepala, koma pa mtunda wanuwo ndikukayika.

Ndalama iliyonse imene mwapatsa wantchito pamanja mwezi ndi mwezi ngati car allowance imaphatikizidwa ku malipiro ake n'kudulidwa PAYE. FBT palibe, capital allowances palibenso poti galimoto si yanu, koma allowance yonseyo kampani imaichotsa pa phindu ngati malipiro. Vuto lili kwa wantchito. Munthu wa udindo umenewo malipiro ake ali kale m'magawo apamwamba a PAYE, ndiye pa K1,000,000 imene mwamupatsa, gawo lalikulu ndithu lapita kwa a MRA asanagule ndi tayala lomwe. Kuti imukwanire muyenera kuikweza, ndipo mukaikweza mupeza kuti yadutsa FBT imene mumathawa ija.

Komanso ganizirani khalidwe la munthu. Galimoto ikakhala yake, ndalama ya sevisi ili m'thumba mwake limodzi ndi ya fizi ya ana. Sevisi ya pa 5,000 iyamba kuchitika pa 9,000, matayala agula a kaunjika, ndipo ulendo wa ku Muona nthawi ya mvula aziupezera zifukwa. Simungamudzudzule, galimoto yake ikutha makilomita 54,000 pa chaka chifukwa cha malonda anu. Allowance imayenda bwino kwa wa mu ofesi woyenda Namiwawa ndi Victoria Avenue, osati kwa uyu.

Kubweza ndalama pa kilomita ndi nkhani ina. Ngati wantchito wayenda ulendo wa ntchito pa galimoto yake, n'kulemba fomu yoonetsa tsiku, kumene wapita, makilomita ndi chifukwa chake, inu n'kumubwezera zimene wawononga, imeneyo ndi ndalama yoyendetsera bizinesi. Koma ikangokhala ndalama yofanana mwezi uliwonse, kaya wayenda kaya sanayende, asandutsa malipiro ndipo adzakufunsani PAYE yake ya m'mbuyo monse, ndi chindapusa pamwamba.

Ndisiyane pang'ono ndi a Makaniko. Single cab ndi yabwino pa msonkho, inde, koma munthu wokhala pa chiwongolero maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku msana wake ndi chuma cha kampaninso. Single cab yopanda katundu kumbuyo imadumpha pa mabampu a pa Zalewa mpaka impso kuwawa, ndipo mpando wake subwerera m'mbuyo mokwanira. Muyeseni kaye munthuyo, ayende nayo mpaka ku Mwanza n'kubwerako musanalipire. Onaninso kuti ili ndi air conditioner, ABS ndi ma airbag, chifukwa ma single cab ena otsika mtengo amabwera opanda zina mwa zimenezi, ndipo kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala si kosewera nako.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi logbook. Kabuku wamba ka m'galimoto: tsiku, nambala ya pa odometer ponyamuka ndi pofika, kumene wapita, kasitomala amene wamuona, malita amene wathira, saini. Kumapeto kwa mwezi wa ku akaunti afananize makilomita ndi malisiti a mafuta. Mukaona galimoto imene imapanga 12 pa lita yayamba kupanga 8, pali ziwiri: ma injector awonongeka kapena wina akupopa mafuta ndi paipi. Malisiti a pa toll gate ya Chingeni ndi ya Kalinyeke asamatayidwe, ndi ndalama yochotsa pa phindu komanso ndi umboni wakuti ulendo wa ku Lilongwe unachitikadi tsiku limenelo. Fuel card imathandiza kuposa kupereka ndalama pamanja, ndipo tracker imatseka mkangano wonse wa kumene galimoto inagona.

Pa VAT musawerengere kuti mubweza. Pa galimoto imene ikuyenderanso zapadera, VAT ya pogula simungaiitanitse, chimodzimodzi ya zipangizo zake. Imangolowa mu mtengo wa galimoto, ndipo mtengo ukakwera 15% ija nayo yakwera. Pa mafuta a pa pampu palibe VAT yoti muitanitse. Pa single cab yogwira ntchito za kampani zokhazokha, kambiranani ndi auditor wanu musanagule kuti invoice ilembedwe moyenera m'dzina la kampani ndi TPIN yake, nambala yake ya msonkho.

Kubwereka galimoto kwa makampani a hayala ndi njira inanso: ndalama ya hayala imachotsedwa yonse pa phindu, sevisi ndi yawo. Kungoti ambiri amaika malire a makilomita, mukadutsa mumalipira kilomita iliyonse, ndipo 4,500 pa mwezi mudutsa msanga. Polipira kumbukirani kudula withholding tax, msonkho umene mumadula pa ndalama yawoyo n'kupereka ku MRA, ngati alibe satifiketi yowachotsa pa msonkho umenewo.

Clearing_Agent_BT

Ndiwonjezereko za pogula, poti a ku akaunti anu akunena za kaunjika.

Mtengo umene mukuona pa intaneti pa galimoto ya ku Japan si umene mudzalipire. Pamwamba pake pali sitima mpaka Dar es Salaam, ndalama za pa doko, dalaivala woibweretsa mpaka pa Songwe, msonkho wa kasitomu, kenako kulembetsa ku Road Traffic. Msonkho wa kasitomu umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yakale kwambiri ndi ya injini yaikulu imalipira wochuluka, ndiye galimoto yotchipa ku Japan chifukwa cha ukalamba ikhoza kudzakudulirani pa boda. Funsani a MRA kapena agent chiwerengero chake musanatumize ndalama. Ndipo dziwani kuti mtengo wogulira umene Mayi akunena pa FBT ndi capital allowances si wa ku Japan wokha ayi, ndi zonse zimene mwalipira kuti galimoto ifike pamsewu.

Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki, ambiri akugula zimene zafika kale m'dziko muno. Mukatero onani zinthu izi: pepala la kasitomu losonyeza kuti msonkho unalipidwa wonse, nambala ya chassis pa galimoto ifanane ndi ya pa blue book, ndipo umwini usinthidwe kupita m'dzina la kampani nthawi yomweyo. Galimoto imene blue book yake ili m'dzina la abwana kapena la mwini wake wakale, kampani idzavutika kuitanitsa capital allowances, ndipo ikachita ngozi a inshuwalansi adzafunsa kuti mwini wake ndani. Samalaninso ndi galimoto zimene zinalowa mosalipira msonkho pa chilolezo chapadera. Ikagulitsidwa msonkho wotsalawo umafunika, ndipo amagwira galimoto, osati wogulitsa uja.

Odometer ya galimoto za kaunjika musamaikhulupirire yokha. Probox ku Japan ndi galimoto ya makampani, imayenda kwambiri. Yazaka khumi yolemba 48,000 koma chiwongolero chili chosalala ngati mwala wa pamtsinje, mapedulo atadyeka, imeneyo yabwezedwa. Pemphani auction sheet kapena satifiketi yoitulutsira ku Japan, pamakhala makilomita ake.

Inshuwalansi ikhale comprehensive, ndipo muwauze kuti ndi ya bizinesi. Mtengo wake muziuonanso chaka chilichonse. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, galimoto zambiri zinatsala zili pa inshuwalansi ya mtengo wakale, woti sungagule galimoto yofanana nayo.

Mayi_Akaunti_Limbe

Achimwene a ku Chirimba, za 4 koloko m'mawazo zamveka. Pali njira ziwiri, musankhe imodzi n'kuitsatira moona.

Yoyamba: galimoto ndi ya pa ofesi, koma usiku woti mawa lake pali ulendo wa m'bandakucha amaloledwa kupita nayo, ndi chilolezo cholembedwa cha ulendo umenewo, cholowa mu logbook. Masiku ena onse, Loweruka, Lamlungu ndi nthawi ya tchuthi chake, ili pa Chirimba. Kapena kumulipirira takisi yomufikitsa pa ofesi, imene pa mwezi singafike pa FBT ya double cab. Koma zikayamba kuti masiku asanu pa sabata ikugona ku Machinjiri, Lamlungu ikuoneka pa tchalitchi, musadzinamize kuti ndi ya pa ofesi. Tracker yanu yomwe idzakhala mboni yokutsutsani.

Yachiwiri: vomerezani kuti ndi galimoto yake yoyendera, lembetsani FBT ku MRA, muziika return pa Msonkho Online miyezi itatu iliyonse, ndipo mugule galimoto yotsika mtengo kuti 4.5% ija ikhale yopiririka. Wantchito akamaperekako kenakake pa galimotoyo mwezi ndi mwezi, ndalama imeneyo imachotsedwa pa 15% ija, monga K9,000,000 ya chitsanzo chija, musanadule 30%, bola zizioneka pa payslip. Dziwaninso kuti single cab nayo ikamapita kunyumba FBT ilipo. Mtundu wa galimoto umakhudza initial allowance yokha, FBT imayang'ana kagwiritsidwe ntchito. Ndipo abwana akadzaitenga double cab ija kukhala yawo, poti nawonso ali pa malipiro a kampani, lamulo ndi lomwelo.

A Kalaliki anena zoona za msana. Pamenepo ndingoti yerekezani ndi manambala: lembani galimoto zitatuzo pa pepala limodzi, zaka zinayi, mtengo wogulira, mafuta, masevisi 11 pa chaka, matayala, inshuwalansi, COF (chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), FBT, kuchotsapo msonkho wopulumutsidwa ndi mtengo wodzagulitsira.

Pa kugulitsapo pali msampha wotsiriza. Pakatha zaka zinayi, double cab ya K60,000,000 ija m'mabuku a msonkho yatsala pa K24,576,000. Koma Hilux muno siigwa mtengo msanga, ndipo ndi kugwa kwa kwacha mukhoza kudzaigulitsa K55,000,000 ngakhale itayenda makilomita 216,000. Kusiyana kwa K55,000,000 ndi K24,576,000, komwe ndi K30,424,000, kumalowa m'phindu la kampani chaka chimenecho n'kudulidwa 30%. Ndi K9,127,200 imeneyo, muisungiretu pambali musanathamangire kukagula ina. Mukaganiza zomugulitsa wantchito yemweyo pa mtengo wachibale, pezani kaye valuation yolembedwa, chifukwa a MRA adzayang'ana mtengo wa pamsika, osati umene mwagwirizana awiri.

Mukapita ku single cab, onetsetsani kuti ma return a kampani ali bwino nthawi zonse. Pokonzanso COF ya galimoto za malonda pamafunika tax clearance, ndipo galimoto yoyenda misewu ya ma roadblock ambiri ngati wa Zalewa singakhale ndi COF yotha ngakhale tsiku limodzi.